Kudya N'ku Guangzhou: Mbiri ya Mzinda ndi Miphika Yake

Anthu a ku China ali ndi mwambi wakale umene umagawira ulemu mizinda inayi ya m'dziko lawo. Iwo amati munthu wamwayi ndi amene wabadwira ku Suzhou, wakhala ku Hangzhou, wadya ku Guangzhou, nadzafera ku Liuzhou. Mzinda woyambawo unkatchuka ndi anthu ooneka bwino, wachiwiriwo ndi mapiri ndi nyanja yake yokongola, pamene wotsirizawo unkatamandidwa chifukwa cha mitengo yake yabwino yokhomera mabokosi a maliro. Koma nkhani ya kudya anaipereka kwa Guangzhou. M'dziko lalikulu ngati China, mmene chigawo chilichonse chimanyadira maphikidwe ake, ulemu wotere sulandiridwa chabe, ndipo m'pofunika kufufuza kumene unachokera.

Guangzhou ndi likulu la chigawo cha Guangdong, kummwera kwa China, ndipo kalembera wa mu 2020 anapeza kuti mumzindawu muli anthu oposa 18 miliyoni. Azungu ankautchula kuti Canton, dzina limene linabadwa pamene Apwitikizi ankayesa kutchula dzina la chigawo chonsecho. N'chifukwa chake chiyankhulo cha anthu a kumeneko, pamodzi ndi zakudya zawo, chimadziwika kunja ndi dzina loti Cantonese. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Zhujiang, kutanthauza mtsinje wa ngale, pamalo pamene madzi ake amagawikana m'timitsinje tambirimbiri asanathire m'nyanja yaikulu. Madzi awiriwa, a mtsinje ndi a nyanja, ndiwo anaumba maphikidwe a mzindawu. A mtsinje ankapereka nsomba, mpunga ndi ndiwo zamasamba chaka chonse. A nyanja ankabweretsa alendo, ndalama ndi zinthu zachilendo.

Kumpoto kwa China kumazizira kwambiri kwa miyezi ingapo, kotero kuti anthu a kumeneko anazolowera kusunga chakudya pochiyanika, kuchithira mchere wambiri kapena kuchisasitsa. Ku Guangzhou n'kotentha, mvula imagwa yambiri, ndipo mpunga umakololedwa kawiri pachaka. Munthu amene munda wake subala nyengo imodzi yokha alibe chifukwa chobisira kukoma kwa chakudya m'tsabola kapena mumchere. Tsono wophika wa ku Guangzhou anakula ndi chikhulupiriro chakuti nkhuku iyenera kumveka nkhuku, nsomba imveke nsomba. Nsomba yabwino kwa iye ndi imene inali kusambira mphindi zochepa zapitazo. Amaiphika ndi nthunzi yokha, n'kuikapo jinja ndi anyezi wamasamba wodula bwino, kenaka n'kuthirapo msuzi wa soya pang'ono ndi mafuta otentha. Nkhuku nayonso amaiviika m'madzi otentha osabwadamuka kufikira itangopsa, n'kuiziziritsa msanga kuti khungu lake likhale lolimba. Maphikidwe otere amaoneka apafupi, koma ndiwo ovutitsitsa, pakuti palibe pobisala: nsomba ikakhala yogona kapena ikapsa mopitirira, aliyense patebulo adziwa.

Umboni wakale kwambiri wa kadyedwe ka mumzindawu unapezeka mwangozi. M'chaka cha 1983 anthu amene ankasalaza kaphiri ka Xianggang kuti amangepo nyumba anatulukira manda a mfumu Zhao Mo, amene anamwalira cha m'ma 122 BC. Iyeyu anali mfumu yachiwiri ya Nanyue, ufumu umene anaukhazikitsa Zhao Tuo, mkulu wa asilikali wochokera kumpoto, ndipo likulu lake linali Panyu, pamene pali Guangzhou lero. Mandawo anali asanafukulidwepo ndi akuba. Kuwonjezera pa zida ndi zokongoletsa zamtengo wapatali, munali miphika yamkuwa yambiri, zowotchera nyama, mafupa a tiana ta nkhumba, a nsomba ndi a nkhuku, ndiponso zigoba za nkhono za m'madzi. M'mitsuko yadothi munali mafupa a mbalame pafupifupi 200 za mtundu umodzi, zing'onozing'ono ngati mpheta, zimene zimatera m'minda ya mpunga. Zonse zinali zodulidwa mitu ndi miyendo, monga mmene ophika a kumeneko ankazikonzerabe zaka 2,000 pambuyo pake. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu 15 anaphedwa kuti aperekeze mfumuyo, ndipo ena mwa iwo akuganiziridwa kuti anali antchito a kukhitchini.

Kwa zaka mazana ambiri anthu a kumpoto, kumene kunkakhala mafumu aakulu, ankaona chigawo cha kummwerachi ngati tchire la malungo, koyenera kupirikitsirako akuluakulu a boma amene alakwira mfumu. Kadyedwe ka kumeneko ankakanyoza. Buku lakale lotchedwa Huainanzi, lolembedwa m'nthawi yomweyo ya Zhao Mo, limatchula modabwa kuti anthu a kummwera ankaona nsato ngati ndiwo yapamwamba. Mlembi wotchuka Han Yu, atapirikitsidwira ku Chaozhou, kummawa kwa chigawochi, mu 819, analemba ndakatulo yofotokoza mmene anavutikira ndi achule, nkhono ndi zamoyo zina za m'nyanja zimene anamuikira patebulo. Njoka yokha anaikana, naitsekulira kuti izipita. Koma zimene mlendo ankaziona ngati kusadziwa mwambo zinali nzeru za anthu okhala pakati pa madambo, amene anaphunzira kudya zimene dziko lawo linkapereka.

Pamene a kumpoto ankanyoza, a kutsidya kwa nyanja ankabwera. M'nthawi ya ufumu wa Tang, kuyambira 618 mpaka 907, zombo za Aluya ndi Aperezi zinkakocheza ku Guangzhou, mzinda umene iwo ankautcha Khanfu. Amalondawa anali ndi dera lawolawo lokhalamo, ndipo mzikiti wa Huaisheng ndi nsanja yake ulipo mpaka lero. Apwitikizi anafika pakamwa pa mtsinjewu mu 1513, ndipo mu 1557 analoledwa kukhazikika ku Macau. M'zaka zimenezo mbewu za ku America zinayamba kulowa m'China kudzera m'madoko a kummwera: mbatata, chimanga, mtedza ndi tsabola. Mbewu zomwezi ndi zimene zinafikanso kuno ku Africa pa zombo za nyengo imodzimodziyo, kotero kuti chimanga cha m'nkhokwe zathu ndi mbatata imene inapulumutsa alimi a ku Guangdong pa nthawi za njala n'zapachibale. Tsabola sanamukonde kwenikweni ku Guangzhou. Anakakhazikika kutali, ku Sichuan ndi ku Hunan. Ngakhale mawu enieniwo anayenda pa zombo. Anthu a ku Guangzhou tiyi amamutcha cha, ndipo Apwitikizi anatengera dzina limenelo, lomwe limamveka ku Mozambique mpaka lero. Adatchi anatenga mawu oti te kwa amalonda a ku Fujian, nawapatsira Angerezi, ndipo m'menemo ndimo munachokera mawu athu oti tiyi.

Chaka chimene chinasintha mzindawu koposa ndi 1757, pamene mfumu yaikulu Qianlong inalamula kuti zombo zonse za Azungu zizichita malonda padoko limodzi lokha, la Guangzhou. Kwa zaka 85 tiyi, nsalu za silika ndi mbale zadothi zonyezimira zopita ku Ulaya ndi ku America pa zombo zimenezi zinkadutsa m'manja mwa kagulu kochepa ka amalonda ovomerezedwa ndi boma. Mmodzi mwa iwo, Wu Bingjian, amene Azungu ankamutcha Howqua, ankawerengedwa pakati pa anthu olemera kwambiri padziko lonse m'nthawi yake. Anthu oterewa ankapikisana pa maphwando. Ankasunga ophika aluso m'nyumba zawo, ndipo ankagula zakudya zosowa zochokera kutali monga zisa za mbalame za m'mapanga a kunyanja, zipsepse za shaki ndi nkhono zouma. Zambiri mwa zinthu zimenezi pazokha zilibe kukoma kwenikweni. Ulemu wake uli pa kusowa kwake ndi pa luso la wophika amene amaziviika masiku angapo n'kuziphika mumsuzi wonona. Apa ndi pamene maphikidwe a ku Guangzhou anapeza nkhope yake yachiwiri, ya chuma ndi kudzionetsa, pambali pa ija ya nsomba yongotuluka m'madzi.

Azungu sankaloledwa kulowa mumzinda kapena kubwera ndi akazi awo. Ankakhala m'nyumba zamalonda m'mbali mwa mtsinje, ndipo amene ankawaphikira anali anthu a komweko. Ophikawa anaphunzira kuwotcha buledi, kuphika ndi batala ndi kukonza nyama monga mmene bwana ankafunira, koma dzanja lawo silinaiwale kwawo. Akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma kumeta kwake anameta eni mudzi. Mmodzi wa ophika oterewa, Chui Lo Ko, amene ankagwira ntchito pa kampani ya Amereka ya Russell, anatsekula malo ake odyera a Tai Ping Koon mu 1860, kumene ankaphika zakudya za Chizungu ndi msuzi wa soya, ndipo anatchuka ndi nkhunda zowotcha. Kumeneko ndiko Zhou Enlai, amene pambuyo pake anadzakhala nduna yaikulu ya China, anachereza anzake atakwatira Deng Yingchao mu 1925. Kachitumbuwa ka mazira ndi shuga kokhala m'chigoba chofumbutuka, kamene lero kamadyedwa ngati chakudya chamakolo, kanabadwa m'njira yomweyi kuchokera ku kasitadi wa Angerezi.

Komabe kukanakhala kulakwa kuganiza kuti mbiri imeneyi inalembedwa ndi olemera okha. Mwambo umene Guangzhou amadziwika nawo koposa unayambira pakati pa amtengatenga. Nkhondo ya mankhwala ozunguza bongo a opium itatha mu 1842, China anakakamizidwa kutsekula madoko ena ndi kupereka chilumba cha Hong Kong kwa Angerezi, ndipo Guangzhou anataya mwayi wake wochita malonda yekha. Koma padoko ntchito sinathe. Cha pakati pa zaka za m'ma 1800 m'misewu munabuka tizisakasa tokhala ndi mabenchi amatabwa, mmene wonyamula katundu kapena wopalasa bwato ankatha kugula tiyi ndi kachakudya kochepa pa mtengo wotsikitsitsa. Malowa ankatchedwa ndi dzina la mtengo wake womwewo, loti er li guan, kutanthauza nyumba ya tindalama tiwiri. Munthu ankakhala pansi, kupumula, kumva nkhani za padoko ndi kufunsa kumene kuli ganyu. Tiyi wake anali wamba ndipo chakudya chake chinali chongokhutitsa.

Amalonda ataona kuti malo oterewa n'ngabwino kukambiranamo za malonda, anayamba kumanga nyumba za tiyi zosanjikizana, zokhala ndi mazenera aakulu ndi mipando yosema. Mtengo unkakwera potsata masitepe, kotero kuti panabuka chonena chakuti wandalama akwere pamwamba, wopanda ndalama akhale pansi. Zina mwa nyumba zimenezi zilipobe. Tao Tao Ju inatsekulidwa mu 1880 m'dera la Xiguan, kumene kunkakhala mabanja a amalonda, ndipo akuti eni ake ankatuma anthu tsiku ndi tsiku kukatunga madzi a tiyi pa kasupe wa m'phiri la Baiyun. Lin Heung inayamba mu 1889 ndipo inatchuka ndi phala lotsekemera la njere za duwa la lotus, lofanana ndi kakombo, limene amaika m'kati mwa makeke. Kupita kumalo otere kumatchedwa yum cha, ndiko kuti kumwa tiyi, ndipo muyeso wake wakale unali chikho chimodzi cha tiyi ndi tizakudya tiwiri. Madoda ankabwera m'mamawa atanyamula zikwere za mbalame zawo zoimba, n'kuzipachika pafupi ndi zenera. Mmenemo ndimo ankagwirizana mitengo, kukambirana za maukwati ndi kuyanjanitsa okangana. Wopezeka wolakwa ankathirira mnzake tiyi pamaso pa anthu, ndipo kawirikawiri ndiye ankalipira zonse.

Tizakudya todyera tiyiti timatchedwa dim sum, mawu amene amamasuliridwa kuti kukhudza mtima. Timabwera titatu kapena tinayi m'timadengu tansungwi tozungulira, tophikidwa ndi nthunzi, ndipo onse patebulo amagawana. Pali tinayi timene amayesera luso la nyumba iliyonse. Koyamba ndi har gow, kamene m'kati mwake amaikamo tinyama ta m'madzi tofanana ndi nkhanu koma tatitali ndi topindika. Chikuto chake amachipanga ndi ufa wosalala wa tirigu wosakaniza ndi wa chinangwa, ndipo amachiphwathalitsa ndi mbali ya mpeni waukulu kufikira chipyapyale moti zam'kati zizionekera. Chikapyapyala mopitirira chimang'ambika pochinyamula ndi timitengo todyera. Chikakhuthala chimamata m'kamwa. Wophika weniweni amachipinda mapindo 10 kapena kuposerapo, onse ofanana, ndipo amachita zimenezi kambirimbiri tambala asanalire. Kachiwiri ndi siu mai, ka nyama ya nkhumba, kamene kanachokera kumpoto koma kanasinthidwa. Kachitatu ndi kabanzi koyera kong'ambika pamwamba, kokhala ndi nyama ya nkhumba yowotcha yotsekemera yotchedwa char siu. Kachinayi ndi kachitumbuwa ka mazira kaja. Tikaonetsetsa, pa tinayiti kamodzi n'ka mumtsinje wa komweko, kena n'ka kumpoto, kena n'ka m'ng'anjo za mumzinda, ndipo kotsirizako n'ka kutsidya kwa nyanja. M'zaka za m'ma 1920 mpikisano unakula kwambiri, moti nyumba zina zinkalonjeza mitundu yatsopano ya dim sum sabata iliyonse, ndipo chiwerengero chake chinafika mazanamazana.

Patebulo pali miyambo yake. Munthu sadzithirira tiyi asanathirire anzake. Wothiriridwayo sadula nkhani kuti athokoze, koma amangogogoda patebulo ndi zala ziwiri zopinda. Nthano imati mfumu Qianlong, poyenda mobisa pakati pa anthu wamba, inathirira tiyi mtumiki wake, ndipo mtumikiyo, posafuna kuulula mbuye wake pogwada, anagwaditsa zala m'malo mwa maondo. Imeneyi ndi nthano chabe, koma mwambowo ndi weniweni. Tiyi akatha, saitana woperekera mofuula. Amangotsekula chivundikiro cha ketulo n'kuchisiya chopendekeka, ndipo madzi otentha amabwera okha.

Nanga ophika ankachokera kuti? Eni mzinda amayankha okha kuti kudya n'ku Guangzhou koma ophika n'ngochokera ku Shunde, dera la madambo kummwera kwa mzindawu. Alimi a kumeneko anatulukira ulimi wodabwitsa. Ankakumba maiwe a nsomba, ndipo dothi lotulukamo ankaliunjika m'mbali n'kubzalapo mabulosi. Masamba a mabulosi ankadyetsa mbozi zopanga silika, zitosi za mbozizo ankadyetsa nsomba, ndipo matope a pansi pa dziwe ankawabwezera ku mabulosi ngati manyowa. Palibe chinkatayika. Anthu okhala ndi nsomba zochuluka chotero anaphunzira kuikonza m'njira zosawerengeka, ngakhale kuchotsa mnofu wonse, kuusinja, n'kuubwezera m'khungu lake kuti ionekenso yathunthu. Mkaka wa njati zoweta ankauphika ndi mazira kukhala chakudya chotsekemera. Ulimi wa silika unapatsanso akazi a ku Shunde ndalama zawozawo, ndipo ena mwa iwo ankalumbira kuti sadzakwatiwa, namanga tsitsi lawo okha monga chizindikiro. Malonda a silika atagwa m'zaka za m'ma 1930, ambiri mwa akaziwa anapita kukagwira ntchito m'nyumba za olemera ku Guangzhou, ku Hong Kong ndi ku Singapore, ndipo anatenga maphikidwe a kwawo. Mayina awo sanalembedwe pa zikwangwani za malo odyera, koma mibadwo yathunthu inaphunzira kukoma kwa chakudya kuchokera m'manja mwawo. Mu 2014 bungwe la UNESCO linaika Shunde pa mndandanda wa mizinda yodziwika ndi luso la zakudya.

M'nyumba za anthu wamba chinthu chachikulu ndi msuzi. Mayi wa ku Guangzhou amaika mafupa, mizu, zipatso zouma ndi makoko a manachesi osungidwa zaka zambiri mumphika wadothi, n'kuusiya pamoto wochepa kwa maola atatu kapena anayi. Amasankha zoikamo potsata nyengo ndi thanzi la a m'banja, pakuti amakhulupirira kuti zakudya zina zimatenthetsa thupi pamene zina zimaliziziritsa. Chikhulupiriro chomwechi ndicho chinabala chakumwa chowawa cha zitsamba chimene Wong Chat Bong anayamba kugulitsa mu 1828, ndipo dzina lake la malonda, Wong Lo Kat, likadali pa zitini mpaka lero. M'mawa ambiri amadya phala la mpunga lophikidwa kufikira njere zitasungunuka. Mtundu wina wotchuka unkagulitsidwa ndi anthu okhala m'mabwato pa Lizhiwan. Pokazinga amagwiritsa ntchito chiwaya chakuya chozungulira pansi, pamoto waukali zedi, ndipo chakudya chimapsa m'kamphindi chikuponyedwa m'mwamba. Kafungo ka utsi kamene kamatsalira amakatcha wok hei, mpweya wa chiwaya, ndipo kamatha chakudya chikangozizira. Msuzi wakuda wa nkhono za m'nyanja, umene lero umagulitsidwa m'mabotolo padziko lonse, anayamba kuupanga Lee Kum Sheung mu 1888 ku Nanshui, pafupi ndi Macau. Akuti anaiwala mphika pamoto, napeza madzi ake atauma n'kusanduka chinthu chokoma.

Madzi amene ankabweretsa alendo anatenganso eni dziko. Umphawi ndi nkhondo za m'zaka za m'ma 1800 zinachititsa amuna ambiri a m'maboma ozungulira, makamaka Taishan, kukwera zombo. Anapita kukakumba golide ku California kuyambira 1849 ndiponso ku Australia, ndipo ndiwo anali ochuluka pakati pa antchito amene anaboola mapiri pomanga mbali ya kumadzulo ya njanji yodutsa dziko la America, imene inatha mu 1869. Lamulo la tsankho la mu 1882 litaletsa antchito a ku China kulowa m'dzikolo, ndipo ntchito zambiri zitawatsekekera, otsalawo anadalira kuchapa zovala ndi kuphika. Ambiri sanali ophika kwawo, ndipo ankaphika ndi zimene apeza, mokomera lilime la ogula. Chakudya chosakaniza chotchedwa chop suey chinatchuka motero. Ena anafika kummwera kwa Africa kuno, nakhazikika ku Beira, ku Lourenço Marques kumene lero ndi Maputo, ndiponso mumsewu wa Commissioner ku Johannesburg. Kwa zaka zoposa 100, chimene anthu a kunja ankachitcha chakudya cha ku China chinali kwenikweni chakudya cha chigawo chimodzi chokhachi, ndipo nthawi zambiri chinali chithunzithunzi chabe cha chenichenicho.

Kumudzi zinthu sizinali bwino. Asilikali a ku Japan analanda Guangzhou mu Okutobala 1938 ndipo anakhalamo mpaka 1945. Chipani cha Chikomyunizimu chitatenga boma mu 1949, eni malo odyera ambiri ndi ophika awo anasamukira ku Hong Kong. Mu 1956 malo otsalawo anayamba kuyendetsedwa pamodzi ndi boma, kenaka kunagwa njala yoopsa ya 1959 mpaka 1961, imene inapha anthu mamiliyoni ambiri m'dziko lonselo. Pa chipwirikiti chimene chinayamba mu 1966, chotchedwa kusintha kwa chikhalidwe, kukhala pansi ndi kumwa tiyi mwachifatse kunkaonedwa ngati khalidwe la mabwana akale. Zikwangwani zinatsitsidwa, ndipo Tao Tao Ju inapatsidwa dzina latsopano lotanthauza mphepo ya kummawa. Chimene chinathandiza kuti luso lisafe ndi chionetsero cha malonda cha Canton Fair, chimene chinayamba mu 1957 ndipo chimachitika kawiri pachaka. Boma linkafuna ndalama zakunja, ndipo alendo obwera kudzagula katundu anayenera kudyetsedwa bwino. Motero malo ochepa monga Panxi ndi Guangzhou Restaurant anasungabe ophika awo aluso ngakhale pa zaka zovutazo. Kachiwirinso doko linapulumutsa khitchini.

Pa zaka zimenezo Hong Kong ndiye anasunga ndi kukulitsa maphikidwewa, nawonjezera zake, monga tingolo tokankha todzaza timadengu ta dim sum toyenda pakati pa matebulo. China atatsekula zitseko zake kuyambira 1978, ndalama ndi ophika a ku Hong Kong anabwerera kumtunda kwa mtsinje. Hotela ya White Swan, imene inatsekulidwa mu 1983 pa kachilumba ka Shamian mothandizidwa ndi wamalonda Henry Fok, inalola anthu wamba kulowa ndi kudzionera okha, chinthu chimene chinali chachilendo panthawiyo. Chigawo cha Guangdong chinalemera mofulumira, ndipo mzindawu unayambanso kukoka amalonda ochokera kutali, kuphatikizapo a ku Africa, amene ambiri amafikira m'dera la Xiaobei.

Koma chuma chatsopanochi chinadza ndi mtengo wake. Nyama zakutchire zimene kale zinkadyedwa mwa apo ndi apo, kapena ndi mafumu okha, tsopano zinkafunidwa ndi anthu mamiliyoni okhala ndi ndalama m'thumba. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kambalame ka m'minda ya mpunga kaja, ka chifuwa chachikasu, kamene mafupa ake anapezeka m'manda a Zhao Mo, kanali kamodzi mwa mbalame zochuluka kwambiri, koswana kuyambira ku Finland mpaka ku Japan. Chaka ndi chaka kankadutsa ku China popita kummwera, ndipo anthu ankakatchera maukonde usiku m'mabango mmene kankagona. Boma linaletsa malonda ake mu 1997, koma anapitirira mobisa. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti chiwerengero chake chinatsika ndi pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse kuyambira 1980, ndipo mu 2017 kanaikidwa m'gulu la zamoyo zimene zatsala pang'ono kutheratu. Kambalame kamene kanapirira misampha kwa zaka 2,000 kanatsala pang'ono kutha m'zaka zosakwana 40.

Chenjezo lina linadza mwa matenda. Mu Novembala 2002 ku Foshan, pafupi ndi Guangzhou, kunabuka nthenda ya m'mapapo ya SARS, imene inagwira anthu pafupifupi 8,000 m'maiko osiyanasiyana ndi kupha oposa 770. Kachilombo kake kanapezeka mu tinyama tofanana ndi fungwe timene tinkagulitsidwa tamoyo m'misika, ngakhale kuti gwero lake lenileni linadzapezeka kuti ndi mileme. Mu Januwale 2004 boma la chigawochi linalamula kuti tinyamato tiphedwe. Lamulo loletsa kudya nyama zakutchire za pamtunda m'dziko lonse la China linadzabwera mu Febuluwale 2020, mliri wa COVID-19 utayamba. Zipsepse za shaki nazo zinachotsedwa pa maphwando a boma kuyambira 2013, ndipo achinyamata ambiri sazifunanso paukwati wawo.

Vuto limene likukambidwa tsopano m'nyumba za tiyi ndi la mtundu wina. Lendi ndi malipiro zakwera, ndipo achinyamata ofuna kudzuka pakati pa usiku kwa zaka zambiri kuti aphunzire kupinda har gow akuchepa. Malo ambiri odyera amagula dim sum yopangidwiratu kufakitale, youmitsidwa m'firiji, n'kungoitenthetsa ndi nthunzi. Mumzinda umene unamanga mbiri yake pa nsomba yongotuluka m'madzi, nkhani imeneyi imawawa, ndipo odya ena amafunsa woperekera asanaitanitse ngati chakudyacho chapangidwa pomwepo. Buku la Michelin, limene limapereka nyenyezi kwa malo odyera apamwamba, linayamba kuyendera Guangzhou mu 2018. Koma oweruza amene ophika amawaopa kwambiri ndi okalamba a ku Xiguan, amene amafika zitseko zisanatsekulidwe, nyuzipepala ili m'khwapa, natsuka makapu awo ndi tiyi woyamba, ndipo amadziwa ndi kuluma kumodzi kokha ngati chikuto chaphwathalitsidwa ndi mpeni kapena ndi makina.